Nyumba zitatu ku Zomba: mmene ndinakhalira pochita masitazi

Kalata yonena kuti ndatengedwa kukachita masitazi, digiri yachiwiri, ku Chanco (Yunivesite ya Malawi ku Zomba) inandipeza kumayambiriro kwa 2022, ndikuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dowa. Ndinali pabanja, ana awiri, komanso ngongole ya malata ndinali ndisanamalize kubweza. Nkhani ya fizi ndinaikonzekera kwa zaka ziwiri. Ndinkasunga pang'onopang'ono ku SACCO, ndipo mayi akunyumba anavomera kuti soya yense wa chaka chimenecho tigulitse, ndalama yake ipite kusukulu. Koma za pogona sindinaziike m'mutu n'komwe. Ndinkati Zomba ndimaidziwa, si komweko ndinachitira digiri yoyamba? Ndinaiwala kuti nthawi imeneyo ndinali mnyamata wogona m'hositelo pa Chirunga, wopanda munthu woyang'ana kwa ine kuti adye.

Ndikulemba izi chifukwa chaka chilichonse pamakhala mphunzitsi mnzanga, namwino kapena wa zaulimi wondiimbira foni n'kufunsa kuti, "Achimwene, ku Zombako tikafikira kuti?" Pa zaka ziwiri ndi theka ndinakhala m'nyumba zitatu. Ziwiri zoyambazo zinandidyera ndalama ndi nthawi, ndipo gwero lake linali limodzi: ndinkafuna nyumba ngati mwana wa chaka choyamba, pomwe ine ndinali bambo wosamalira khomo la ku Dowa ndi langa la ku Zomba, wofunika kukhala phee n'kulemba ngakhale sukulu itatseka. Mitengo imene nditchule ndi imene ndinalipira ine pa nthawiyo. Lero zinthu zakwera kwambiri, choncho muone kawerengedwe kake, osati manambalawo.

Aliyense wobwera kudzaphunzira ku Zomba amalozeredwa ku Chikanda, chifukwa ndi pafupi ndi sukulu, umangoyenda wapansi. Malo m'hositelo za pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa ophunzira, ndiye anthu ambiri kumeneko anamanga midadada ya zipinda powerengera ana a digiri yoyamba. Ine ndinatsika minibasi madzulo, chikwama ndi matilesi zili m'manja, n'kugwa m'manja mwa mnyamata wina amene anati ndi ejenti. Anandiuza kuti ndipereke kaye K10,000 yoonera nyumba, ndipo kabaza wa tonse awiri ndinalipiranso ine. Kunja kunali kukuda, ndinatopa ndi ulendo wodzera ku Lilongwe, Ntcheu, Balaka mpaka Liwonde, choncho chipinda choyamba chimene anandionetsa ndinangoti ndi chomwechi.

Eni nyumba anali bambo wachikulire ndithu. Anati, "Aphunzitsi, muno amagona awiri, aliyense K30,000. Ngati mukufuna kukhala nokha, mulipira mabedi onse awiri." Apo m'pamene ndinadziwira kuti kumeneko lendi sawerengera chipinda koma mutu wa munthu. Tinanenerera mpaka K50,000, ndipo anafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Ndinapereka K150,000 m'manja, popanda lisiti, popanda mboni.

Vuto loyamba linali mita ya magetsi. Zipinda khumi ndi ziwiri zonse zinali pa mita imodzi, ndipo mwezi uliwonse tinkasonkha ndalama yofanana yogulira mayunitsi. Ine ndinali ndi babu limodzi, foni ndi laputopu. Anzanga ena anali ndi mahotipuleti, ayironi, wina mpaka kafiliji. Mayunitsi ankatha mwezi uli pakati, tisonkhenso, kukangana kuyambe. Ndiye kumbukirani kuti chaka chimenecho magetsi ankazimazima dziko lonse, chifukwa mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Magetsi akabwera usiku, mayunitsi kulibe. Mayunitsi akakhalapo, magetsi azima. Munthu wa masitazi ntchito yake yonse ili mu laputopu, ndipo ndinataya masiku ambiri ndikungoyang'ana batire ikutha.

Za phokoso sindingawadandaule anawo, ndi msinkhu wawo, nanenso ndinadutsamo. Koma Lachisanu likafika, ine ndili ndi nkhani ya masamba makumi awiri yoti ndipereke Lolemba, khoma likunjenjemera ndi nyimbo, mtima unkandiwawa. Chimene sindinachiganizire n'komwe chinali holide. Ana a digiri yoyamba atatseka, mpanda wonse unatsala ndi ine ndekha. Bilu ya madzi inali isanalipidwe, madzi anadulidwa, ndipo eni nyumba anati tidikire ana abwere kuti tidzasonkhe. Kwa milungu itatu ndinkagula madzi a m'ndowa, kolera atayamba kale kumveka m'maboma oyandikana nafe. Akuba nawonso amadziwa kalendala ya sukulu kuposa ife. Usiku wina anathyola zitseko ziwiri za zipinda zopanda anthu, ndipo ine anandikokera foni pawindo ndili m'tulo. Laputopu inapulumuka chifukwa ndinkagona nayo kumutu.

Nditanena kuti ndikusamuka, ndinali nditalipiriratu mwezi wina wathunthu. Sanandibwezere. Ndikanapita kuti, pepala ndilibe?

Chikanda si malo oipa ayi. Muli nyumba zabwino, ndipo anzanga ena a masitazi anakhala momwemo mpaka kumaliza. Makamaka amene maphunziro awo ndi obwera milungu ingapo n'kubwerera kuntchito, kwa iwo chipinda chapafupi cholipira nthawi yochepa ndiye chanzeru, ndipo ena amagwirizana atatu kapena anayi n'kutenga malo amodzi. Koma wokhala chaka chonse afunse mafunso amene ine sindinafunse: mita ndi ya anthu angati, bilu ya madzi amalipira ndani, pa holide pamatsala ndani, nanga dzinja madzi amadutsa pati. Funso lomalizali musalipeputse. Mbali zina za Chikanda zatsikira ku mtsinje wa Likangala, ndipo Zomba ndi dera la mvula yambiri. Chipinda chooneka bwino mu Okutobala chimatha kukhala chonyowa makoma mu Febuluwale. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyontho, nunkhizani m'makona, ndipo funsani woyandikana naye eni nyumba atachokapo.

Pochoka apo ndinalumphira mbali ina. Ndinati bola kutali koma kotchipa ndi kwa bata. Ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinamwali, pa msewu wopita ku Liwonde, lendi K30,000 basi. Ndinasangalala kuti ndapulumutsa K20,000 pamwezi, mpaka ndinawaimbira mayi akunyumba kuwauza kuti tsopano zinthu ziyenda. Sindinawerengere njira. Njinga yamoto inkanditengera K800 ulendo umodzi, ndipo masiku makumi awiri kupita ndi kubwerera inkakwana K32,000. Ndikachedwa ku laibulale mpaka usiku, mtengo unkakwera. Mafuta atayamba kusowa chakumapeto kwa chaka, unakweranso. Popeza masana sindikanabwerera kukaphika, ndinkagula chipisi kapena nsima pa lesitilanti. Nyumba ya K30,000 ija inkandidyera ndalama yoposa ya ku Chikanda, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ndinayamba kujomba ku laibulale poopa thiransipoti. Ndinakhalako miyezi inayi.

Nyumba yachitatu sindinaipeze kudzera mwa ejenti. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ndinawadandaulira mkulu wa mpingo wina, ndipo iwo anati, "Dikirani, kuli amayi ena ku Kalimbuka, boyizi kota yawo ingokhala." Amayiwo anali namwino wopuma pantchito, amasiye, okhala ndi mdzukulu mmodzi. Sankalengeza nyumbayo chifukwa ankaopa kulowetsa munthu wosamudziwa kumpanda kwawo. Tsiku loyamba anandifunsa mafunso ambiri kuposa amene ine ndinawafunsa.

"Mwanawe, banja uli nalo?"

"Eya amayi, lili ku Dowa."

"Mowa?"

"Sindimwa, amayi."

"Geti ndimakhoma naini koloko. Ukachedwa kusukulu uziimba foni, usamagogode ngati wapolisi."

Lendi inali K55,000, yokwera kuposa nyumba zonse ziwiri zija, koma ndi imene inanditsikira mtengo. Kusukulu ndinkayenda wapansi, masana n'kubwera kudzaphika. Magetsi tinagwirizana kuti mwezi uno ndigule ine, wamawa agule iwo, ndipo uthenga wa mayunitsi tinkaonetsana pafoni. Ulendo uno ndinapempha kuti tilembe. Tinatenga pepala la m'kope n'kulembapo lendi, tsiku lolipira, za madzi ndi magetsi, komanso kuti wofuna kusintha kanthu azinena mwezi umodzi zisanachitike. Tinasainira tonse awiri, mkulu wa mpingo uja n'kukhala mboni. Lendi ndinkatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga uzitsala ngati lisiti. Nyumba zoterezi ku Zomba zilipo ndithu, ku Kalimbuka, ku Mangasanja, ku Matawale, ku Sadzi, kuseri kwa nyumba za anthu opuma pantchito, koma sizimveka pa Facebook. Zimadziwika ndi anthu a ku tchalitchi ndi ku mzikiti, alonda ndi osesa pasukulu, ndi amayi ogulitsa masamba amene mumagulako tsiku ndi tsiku. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso, ndikanapita ku Zomba milungu iwiri sukulu isanatsegulidwe, n'kugona kwa mnzanga kapena pa malo ogona alendo otchipa masiku atatu, n'kumayenda masana ndikufunsa.

Tsopano za ndalama, zimene zinandisowetsa tulo kuposa za nyumba.

Malipiro anali amodzi omwe aja, koma mbaula zoyaka zinali ziwiri, ina ku Dowa ina ku Zomba. Miyezi yoyamba ndinkangotapa, ndalama ikatha n'kudabwa kuti yapita kuti. Amayi a ku Kalimbuka aja ndi amene anandiphunzitsa kope. Iwo ankalemba chilichonse, ngakhale machesi. Ndinagula kope la ana asukulu n'kuyamba kulemba usiku uliwonse. Patatha mwezi ndinaona zimene sindinkaziona: mabandulo a intaneti a tsiku limodzi amene ndinkagula mosaganiza ankaposa ndalama ya ndiwo, ndipo kutapa ndalama pang'onopang'ono kwa ejenti wa pafoni kunkandidula kangapo pa sabata. Ndinasintha. Bandulo ndinayamba kugula ya mwezi, mabuku ndi mapepala akuluakulu n'kumakatsitsira pa intaneti ya kusukulu, ndalama n'kumatapa kamodzi pa sabata.

Malipiro akangolowa, tsiku lomwelo ndinkatumiza ya kunyumba ndi ya lendi, ndisanagule ngakhale buledi. Yotsalayo ndinkaigawa m'maenivelopu anayi, sabata iliyonse yake. Ya sabata ino ikatha Lachinayi, ndinkadya nyemba ndi masamba mpaka Lolemba, osatsegula inayo. Zimenezi zinandivuta poyamba, koma zinandichotsera mantha a pa 20, amene aliyense wolandira pamwezi amawadziwa.

Chakudya ndicho chinali chosavuta kuchepetsa popanda kudzizunza. Pochokera kumudzi ndinkanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50, nyemba, mtedza ndi mfutso, n'kulipirira katundu m'basi. Kwa munthu mmodzi thumba limodzi limakhala miyezi ingapo, ndipo ndinkagayitsa pang'onopang'ono kuti ufa usachite fungo m'nyengo ya chinyezi. Zomba payokha ndi yodalitsika pa zakudya. Msika waukulu wa m'tauni uli ndi chilichonse, mbatata, nthochi, mapeyala ndi zipatso zotsika kuphiri, koma ndinapeza kuti ku Mpondabwino madzulo zinthu zimatsikako. Matemba a ku Chilwa ndi mpunga wa kumadambo a komweko zinali pafupi. Ine ndi anzanga awiri tinkasonkherana n'kugula mpunga wa ndowa ndi mafuta ophikira a malita asanu, n'kugawana. Nyemba ndinkaphika mphika waukulu kamodzi, wa masiku awiri kapena atatu, kuti makala asathe msanga. Mu Juni ndi Julayi ku Zomba kumazizira kwambiri, chiperoni chikagwa zovala siziuma, choncho bulangeti lochindikala ndi juzi mubwere nazo kuchokera kunyumba m'malo modzagula.

Kope lija linandithandiza, koma silikanaletsa kwacha kugwa. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Bajeti imene ndinalembera ku Dowa ndisananyamuke inasanduka pepala wamba. Sopo, shuga, mafuta, pepala lopulintira, zonse zinakwera pa sabata imodzi. Amayi aja anandiitana pakhonde n'kunena kuti, "Mwanawe, sindikukuthamangitsa, koma waona wekha mmene zinthu zilili." Anandipatsa mwezi umodzi monga tinalembera, lendi n'kufika K70,000. Sindinawaone kulakwa. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti bajeti ya zaka ziwiri m'dziko lathu lino iyenera kukhala ndi mpata waukulu, ndipo zinthu zosaonongeka zimene ukudziwa kuti udzazifuna, monga mapepala ndi chosungira mafayilo a pa kompyuta, ndi bwino kugula ndalama ikadali m'manja.

Pali chinthu china chimene anthu sakonda kuchinena. Kumudzi akamva kuti uli ku yunivesite kachiwiri, amaona ngati wakwezedwa. Foni imalira: maliro, fizi ya mwana wa achemwali, feteleza wa amayi. Ndipo zambiri mwa izo ndi zoona, si zonama ayi. Malume anga atamwalira, ndinalibe kalikonse, ndipo ndinakatenga katapila wa K60,000 kwa munthu wina m'tauni, woti ndibweze K90,000 pakutha pa mwezi. Ngongole imeneyo inanditsatira miyezi itatu, chifukwa pobweza ndinkabowola bajeti ya mwezi wotsatira. Pa holide yotsatira ndinakhala pansi ndi abale, ndinawaonetsa kope lija tsamba ndi tsamba, n'kuwauza kuti kwa zaka ziwiri thandizo langa likhala lochepa. Ena anakhumudwa, koma ambiri anamvetsa ataona manambala. Kuyambira pamenepo ndinkapatula kandalama kochepa mwezi uliwonse ka zadzidzidzi, ndipo mayi akunyumba analowa banki m'khonde kuti vuto likagwa tizikabwereka kumeneko, kumene chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pogawana.

Ndalama yoonjezera ndinkaipeza pophunzitsa makalasi a masana pa sekondale ina, masiku awiri pa sabata. Zomba ili ndi masukulu ambiri, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito sasowa pogwira. Koma apa pafunika kusamala. Mnzanga wina anatenga maganyu atatu, ndalama inkabwera, koma kafukufuku wake anaima chaka chathunthu, ndipo chaka chimenecho analipira lendi ndi zina zonse kuposa zimene anapeza. Ine ndinadziikira malire akuti m'mawa wonse ndi wa sukulu yanga, ganyu ndi ya masana okha.

Cholakwa changa chachikulu pa bajeti chinali kuwerengera miyezi ya m'kalasi yokha. Ndinkaganiza kuti makalasi akatha ndiye kuti ndalama zambiri zatha kutuluka. Si mmene zilili. Kafukufuku ali ndi mitengo yakeyake. Pali ndalama yolipira kuti komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku iunike pulani yako. Pali maulendo: ine ndinkayendera masukulu a m'boma la Zomba ndi la Machinga, ena ofikako ndi njinga yamoto yokha, ndipo ukafika n'kupeza ahedi apita kumsonkhano, ubwerenso mawa. Pali kupulinta mafunso, fotokope, kachakumwa ka anthu amene akupatsa nthawi yawo, kenako kupulinta buku lonse kangapo ndi kulimanga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwa m'chigawo chakummwera ine ndili pakati posonkhanitsa mayankho. Masukulu anatsekedwa, ena anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, misewu ndi milatho zinaduka. Pa zimene anthu anataya masiku amenewo, kuchedwa kwanga n'kochepa kwambiri, ndipo sindikuyerekeza. Ndikungonena kuti miyezi iwiri inapita, ndipo mwezi uliwonse unali ndi lendi yake.

Ndiye pali kudikira. Umapereka chaputala kwa supavaiza, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wako, iwonso ali ndi makalasi ndi ophunzira ena ambiri, mayankho amabwera patapita milungu. Buku likatha limapita kwa oyesa, udikirenso, ukonze, udikirenso. Maphunziro a zaka ziwiri ananditengera zaka ziwiri ndi theka, ndipo pa gulu lathu sindinali womalizira. Funsani ku ofesi, musanayambe n'komwe, kuti mukapitirira nthawi yoikika mudzalipira chiyani. Funsaninso kuntchito kwanu kuti tchuthi chanu cha maphunziro chikutha liti, ndipo kalata yake muisunge bwino. Amene akulemba bajeti lero awonjezere miyezi isanu ndi umodzi ya lendi ndi chakudya pamwamba pa imene yalembedwa m'kalata yakusukulu.

Miyezi yomalizayo ndinachita zimene ndikanayenera kuziganiza kale. Nditaona kuti chatsala ndi kulemba ndi kudikira basi, ndinakambirana ndi supavaiza wanga kuti machaputala ndizitumiza pa imelo, tizikumana kamodzi pamwezi. Anavomera. Ndinawauza amayi a ku Kalimbuka mwezi umodzi zisanachitike, ndinapenta chipinda chija ndi laimu, n'kubweza makiyi. Iwo anati mabuku ndi matilesi ndisiye m'stolo mwawo, ndipo ndikabwera kudzaonana ndi supavaiza ndizigona pa balaza masiku awiri kapena atatu, n'kumangogula ndiwo. Ndinatero kasanu mpaka tsiku loteteza kafukufuku wanga mu 2024. Boyizi kota ija analowamo mlongo wina wochokera ku Mzimba, woyamba kumene masitazi, amene ndinamutengera ndekha kwa amayiwo Loweruka lina m'mawa, pepala la mgwirizano tinakopera pa langa lija.